MSEWU NAWONSO UKWERE PA SIKELO

Awa ndi mawu amene mmodzi wa akuluakulu a komiti ya chitukuko anayankhula pa msonkhano wa mafumu, makhansala ndi atsogoleri a Chipani ochokera ku Nathenje ndi ku Mitundu. Tawasindikiza monga momwe anayankhulidwira.



Poyamba ndithokoze inu, Bambo Wapampando, pondipatsa mpata woti ndiyankhule pamaso pa makolo anga. Ndithokozenso abale athu a ku Mitundu amene alawira m'bandakucha kuti adzakhale nafe pano pa Nathenje. Ena mwa iwo afika msonkhano utayamba kale, koma ine sindikuwadzudzula ayi, pakuti kuchedwa kwawoko ndiyo nkhani imene ndabwera nayo lero.

Nonse mukudziwa kuti mlimi wanzeru salola kugulitsa mtedza kapena soya wake popanda sikelo. Wogula akanena kuti thumba ili silikukwana makilogalamu 50, mlimi amayankha kuti, tiyeni tilikweze tione. Mkangano umathera pomwepo, chifukwa sikelo ilibe mbale. Koma chodabwitsa ndi chakuti msewu, umene umadya chuma chambiri cha dziko, timangouweruza ndi maso ndi pakamwa. Wina akuti msewu uli bwino, wina akuti waonongeka. Wina akuti ku Lilongwe ndi pafupi, wina akuti ndi kutali. Tonse timabalalika osamvana, popeza palibe amene anauyeza. Ine ndikuti msewu nawonso ukwere pa sikelo. Ndipo muyeso umene ndikufuna kuti tiugwiritse ndi uwu: kodi munthu wonyamuka pano angathe kudziwa nthawi imene akafike kumene akupita?

KUMENE TACHOKERA

Tisanayeze, tiyeni tikumbuke kumene tachokera, kuti tisakhale anthu osayamika. Msewu uwu wa M1 umene wadutsa pakati pathu ndiwo msana wa dziko la Malawi. Unayambira ku Songwe m'boma la Karonga, pa malire ndi Tanzania, nudzera ku Mzuzu, Kasungu, Lilongwe, kwathu kuno, Dedza, Ntcheu ndi Blantyre, mpaka ku Marka m'boma la Nsanje. Akuluakulu ali panowa akukumbuka pamene tala anathiridwa kuchokera ku Zomba kufika ku Lilongwe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndiponso pamene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mu ulamuliro wa malemu Dr. H. Kamuzu Banda. Kuyambira nthawi imeneyo ife a ku Nathenje tinakhala anthu a pakhomo pa likulu.

Ntchito sinalekere pamenepo. M'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mabungwe awiri: la Roads Authority lomanga ndi kukonza misewu, ndi la Roads Fund Administration losunga thumba la ndalama za misewu. Malamulo amati pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pakhale kangachepe kolowa m'thumba limeneli. Pa mphambano ya ku Bunda anatsegulapo msewu wolambalala mzinda, wotalika pafupifupi makilomita 13, kuti malole opita ku Mchinji asamapanikizane ndi anthu pa mlatho wa Lilongwe. M'chaka cha 2021 zipata zolipiritsa magalimoto zinayamba pa Chingeni m'boma la Ntcheu, ndipo m'chaka cha 2022 pa Kalinyeke m'boma la Dedza, kum'mwera kwathuku. Zonsezi ndi ntchito zooneka ndi maso, ndipo tiyenera kuthokoza.

Koma abale anga, walira mvula walira matope. Tala anabwera ndi magalimoto, magalimoto anabwera ndi malonda, ndipo malonda anabwera ndi chipwirikiti m'mphepete mwa msewu. Komanso tizindikire kuti ndalama zimene zikukonza msewu ndi zathu zomwe, zochokera m'matumba mwa wokwera minibasi ndi wogula sopo. Mwini ndalama ali ndi ufulu wofunsa kuti katundu wakeyo akulemera bwanji.

MIYESO YA AKATSWIRI

Mainjiniya ali ndi miyeso yawo, ndipo ndi bwino kuti tiidziwe. Woyamba ndi kuwerenga magalimoto. Mwina munaonapo anyamata atakhala pa mthunzi m'mphepete mwa msewu, cholembera chili m'manja, akulemba galimoto iliyonse yodutsa, yaing'ono payokha, basi payokha, lole payokha. Akatero amapeza chiwerengero cha magalimoto odutsa pa tsiku, ndipo chimenecho ndicho chimawauza kukula ndi kulimba kwa msewu wofunika pamalopo.

Wachiwiri ndi kusalala kwa msewu. Amayendetsa galimoto yokhala ndi chipangizo choyeza kudumphadumpha kwake pa kilomita iliyonse. Muyeso umenewu unachokera pa kafukufuku amene Banki ya Dziko Lonse inachititsa ku Brazil m'chaka cha 1982, ndipo lero maiko ambiri amaugwiritsa ntchito. Wachitatu ndi chiwerengero cha ngozi, chimene apolisi amalemba. Ku America anakonzanso, m'chaka cha 1965, njira yopatsira misewu magiredi kuyambira A mpaka F, monga ana a sukulu: A ndi msewu umene galimoto ikuyenda momasuka, F ndi umene magalimoto angoti bii, osasuntha.

Miyeso yonseyi ndi yabwino. Koma mayi wosenza dengu la tomato sakufunsa za kudumphadumpha pa kilomita. Funso lake ndi limodzi: ndinyamuke nthawi yanji kuti ndikapeze ogula asanabalalike? Apa ndiye pali muyeso wachinayi, umene akatswiri anachedwa kuuzindikira, koma umene anthu wamba akhala akuudziwa kuyambira kalekale. Muyesowo ndi kudalirika kwa nthawi ya ulendo.

MAULENDO 19 MWA MAULENDO 20

Mundilole, Bambo Wapampando, ndichite kasamu pang'ono. Ziwerengero zimene nditchulezi ndi zongoyerekeza kuti timvetsetsane. Tiyerekeze kuti munthu wa pano amagwira ntchito mu mzinda wa Lilongwe, ndipo pa mwezi amapita maulendo 20. Tsiku lililonse akulemba mphindi zimene watha pa njira. Pa maulendo 14 watha mphindi 40. Pa maulendo 4 watha mphindi 55. Tsiku lina watha mphindi 75, ndipo tsiku limodzi la tsoka watha mphindi 120, ndiko kuti maola awiri athunthu.

Mlembi wa mu ofesi akaphatikiza zonsezi ndi kugawa ndi 20, apeza mphindi 49, ndipo alemba m'lipoti kuti ulendo wa ku Nathenje ndi wa mphindi 49. Sananame. Koma taonani: munthu uja akamanyamuka motsata mphindi 49 zimenezi, achedwa masiku 6 pa mwezi umodzi. Kodi alipo bwana amene angasunge wantchito wochedwa masiku 6 pa mwezi? Ayi ndithu. Chiwerengero chapakatikati chili ngati munthu wokuuzani kuti mtsinje uwu madzi ake ndi olekeza m'mawondo, osakuuzani kuti pakati pali dziwe.

Nchifukwa chake akatswiri a misewu ku America ndi maiko ena anasintha kafunsidwe. Iwo amandanditsa maulendo onse kuyambira wofulumira kulekeza wochedwetsetsa, nayang'ana ulendo wa nambala 19 mwa maulendo 20. M'chitsanzo chathuchi ulendowo ndi wa mphindi 75. Imeneyo ndiyo nthawi imene munthu ayenera kupatula ngati akufuna kufika bwino maulendo 19 mwa 20, kuti achedwe kamodzi kokha pa mwezi. Tikachotsa 49 pa 75 patsala mphindi 26. Mphindi 26 zimenezi ndi msonkho umene msewu wosadalirika umadula munthu tsiku ndi tsiku, ngakhale pa tsiku limene njira ili yoyera. Salandira lisiti, koma walipira ndi tulo take, ndi munda wake umene akanaupalira, ndi ana amene wawasiya asanadzuke.

Tsopano tiyerekeze msewu wina umene ulendo uliwonse umatha pakati pa mphindi 50 ndi 55, dzinja ndi malimwe. Pa pepala msewu uwu ukuoneka wochedwa kuposa woyamba uja. Koma woyenda pa msewu uwu amangopatula mphindi 55, pamene mnzake akupatula 75. Wapulumutsa mphindi 20 pa tsiku, ndiko kuti maola 6 ndi mphindi 40 pa mwezi, pafupifupi tsiku lathunthu la ntchito. Ndikufunseni, amayi ndi abambo: pa misewu iwiriyi, wabwino ndi uti? Wabwino ndi umene sukunamiza. Ng'ombe yokoka ngolo imene imayenda mofatsa tsiku lililonse iposa yothamanga lero, mawa yagona pa njira.

Akuluakulu akukumbuka mabasi a United Transport, amene pambuyo pake, m'chaka cha 1989, anakhala a Stagecoach. Mabasi amenewo sanali a liwiro ngati maminibasi a lero, koma anali ndi ndandanda ya nthawi yolembedwa, ndipo munthu ankakonza ulendo wake poyang'ana ndandandayo. Lero magalimoto achuluka, koma ndandanda inatha.

CHIMENE CHIMATAYIKA

Wina anganene kuti mphindi ndi kanthu kakang'ono. Mundilole ndikuuzeni zimene zinaoneka m'nyumba mwathu. Mwana wa mlongo wanga anaitanidwa ku ofesi ina mu mzinda kuti akayesedwe ntchito 8 koloko m'mawa. Mnyamatayo anaima pa siteji pano 6 koloko isanakwane, jekete lobwereka lili pa thupi, masatifiketi ali m'manja. Minibasi imene anakwera inayamba yazungulira kufuna anthu oti idzaze. Itanyamuka, anapeza lole itafera pamtunda wina, nthambi zili mbwee pa msewu, magalimoto akudutsa mbali imodzi mosinthana. Anafika pa chipata cha ofesiyo 8 koloko itapitirira, ndipo mlonda anamuuza kuti mayina aitanidwa kale. Anabwerera. Amayi ake anali atagulitsa mbuzi kuti mwanayo amalize sukulu. Madzi akatayika saoleka.

Taganizaninso za ambulansi imene yanyamula mayi wovutika pobereka kuchokera pa chipatala chathu cha Nathenje kapena cha Mitundu, kupita naye ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central. Namwino potumiza wodwala amawerengera nthawi ya pa njira. Ngati lero ndi mphindi 40, mawa maola awiri, awerengera ziti? Taganizani za mlimi wa fodya amene mabelo ake ali ndi tsiku lake ku okushoni ku Kanengo, ndi mwini lole amene amakweza mtengo chifukwa sadziwa ngati achita maulendo awiri kapena umodzi. Mtengo wokwerawo amalipira ndi mlimi. Kusadalirika kwa msewu kumalowa m'thumba la munthu wosauka poyamba.

GWERO LA KUCHEDWA

Kodi kuchedwa kosayembekezeka kumachokera kuti? Ku America anapeza kuti pafupifupi theka la kuchedwa kwa pa misewu yawo silichokera ku kuchepa kwa msewu ayi, koma ku zogwa mwadzidzidzi: ngozi, galimoto zofera pa njira, mvula, ndi ntchito zokonza msewu. Chakudza sichiyimba ng'oma. Kwathu kuno tinaona m'chaka cha 2022 namondwe Ana atadula msewu womwewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo m'chaka cha 2023 namondwe Freddy anakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kum'mwera. Tinaonanso kusowa kwa mafuta m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso 2022 ndi 2024, pamene mizere ya pa malo omwetsera mafuta inkatseka njira.

Izo ndi zazikulu, ndipo Boma ndilo lingalimbane nazo. Koma tiyeni tinene chilungamo pakati pathu, popeza pano palibe mlendo. Ndani amayala tomato, anyezi ndi mbatata pa tala penipeni, pano pa Nathenje, pa Nanjiri ndi pa Kamphata? Ndife. Ndani amaimika minibasi pakati pa msewu kukweza anthu, malo oimikira alipo? Ndi ana athu. Ndani amadzaza lole mopyola muyeso mpaka kufera pa chitunda? Ndani amazula zikwangwani kukachita makasu ndi mbaula? Ndani amalima mpaka m'ngalande ya msewu, madzi n'kusowa kolowera, n'kuboola tala? Sitingaloze chala ku Capital Hill pa zinthu zimene zikuchitika pakhomo pathu.

ABALE ATHU A KU MIDZI

Tsopano nditembenukire kwa inu a ku Mitundu, ndi inu nonse a m'midzi ya kutali ndi tala. Pa misewu ya boma ya m'dziko muno, yotalika makilomita opitirira 15,000, ya tala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Yotsalayo ndi ya fumbi. Kuchokera pa mphambano ya ku Bunda kufika pa Mitundu tala alipo, koma mlimi wa kufupi ndi Dzalanyama ulendo wake suyambira pa tala. Umayambira pa khomo pake, pa ngolo kapena pa kabaza. M'mwezi wa Ogasiti amafika pa msika dzuwa lisanatenthe. M'mwezi wa Febuluwale, kamtsinje kakadzaza, safika n'komwe.

Pamenepa muyeso wa mphindi paokha sukwanira. Tiyenera kuwerenganso masiku: pa chaka chimodzi, ndi masiku angati amene galimoto inalephera kufika m'mudzi uno? Maiko a dziko lapansi anagwirizana zoti aziyeza chiwerengero cha anthu a kumidzi okhala pa mtunda wosapitirira makilomita 2 kuchokera pa msewu wopitika chaka chonse. Mawu ofunika apa ndi akuti chaka chonse. Kawirikawiri chimene chimatseka msewu wa makilomita 15 si msewu wonsewo ayi, koma malo amodzi kapena awiri: kalavati yogumuka, dambo loterera, kamlatho ka mitengo. Tikawadziwa malowo ndi kuwalemba, ndalama zochepa zingatsegule dera lonse.

NTCHITO YATHU

Nanga tichite chiyani? Boma lili ndi pulani yaikulu ya zamtengatenga ya zaka za 2017 mpaka 2037, ndiponso masomphenya a Malawi 2063 amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2021. Koma pulani imadya ziwerengero monga chigayo chimadya chimanga. Dera limene silipereka ziwerengero limangomva kulira kwa chigayo, ufa n'kupita kwina. M'maiko olemera amayeza nthawi ya maulendo ndi mafoni ndi makina a m'magalimoto. Ife tisadikire zimenezo. Wotchi tili nayo pa foni iliyonse, ndipo kope ndi la mtengo wochepa.

Ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, komiti ya ADC iliyonse isankhe anthu okhulupirika amene amayenda kawirikawiri, monga aphunzitsi, amayi a geni, oyendetsa ambulansi ndi a kabaza, kuti azilemba m'kope zinthu zinayi zokha: tsiku, nthawi yofika pa siteji, nthawi yofika kumene akupita, ndi chimene chawachedwetsa. Tiyambire pa siteji, osati pamene galimoto yanyamuka, chifukwa kudikira nakonso ndi ulendo.

Chachiwiri, nyakwawa iliyonse pamodzi ndi komiti ya VDC ilembe masiku amene msewu wa m'mudzi mwake unatsekeka m'dzinja, ndi malo enieni amene unatsekekera.

Chachitatu, pakutha pa miyezi itatu iliyonse aphunzitsi a masamu ndi ophunzira a ku sekondale atithandize kundanditsa maulendowo, kuti tipeze wa nambala 19 mwa 20. Ana athu a ku Bunda, amene akuphunzira za ulimi pakati pathu, tiwapemphe nawonso atigwire dzanja. Makhansala athu atenge zotsatirazo kupita nazo ku Khonsolo ya boma la Lilongwe, ndipo aphungu athu apite nazo ku Roads Authority ndi ku Nyumba ya Malamulo. Mtsogoleri wonyamula kope amamveka kuposa wonyamula madandaulo okha.

Chachinayi, msewu uliwonse umene ukonzedwe m'dera lino tiuyeze ntchito isanayambe, tidzauyezenso itatha. Pamenepo tidzadziwa ngati ndalama za dziko zagula kanthu. Kuchita zimenezi si kutsutsa Boma ayi. Ndi kulithandiza, pakuti Boma la anthu limafuna kumva zoona kuchokera kwa anthu ake, ndipo Chipani ndicho khutu la Boma m'midzi.

Ndichenjeze pa chinthu chimodzi, makamaka kwa inu madalaivala. Pasapezeke wina wochoka pano n'kumati pa msonkhano atiuza kuti tizithamanga. Sindinatero. Liwiro ndilo mdani wamkulu wa kudalirika, chifukwa ngozi imodzi imatseka msewu maola ambiri, ndipo imasiya ana amasiye. Dalaivala wochepetsa liwiro pa sukulu ndi pa msika amataya mphindi imodzi yodziwika, imene aliyense angaiwerengere. Wothamanga amatitayitsa maola osadziwika, ndiponso miyoyo.

Bambo Wapampando, Mafumu athu, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 makolo athu ankatuluka ndi makasu pa Sabata ya Achinyamata kukalambula misewu ndi kumanga timilatho, osadikira malipiro. Khasu likufunikabe, ndipo ngalande zathu zikulidikira mvula isanagwe. Koma m'badwo uno uwonjezepo wotchi ndi kope. Mutu umodzi susenza denga. Boma limange, mainjiniya ayeze ndi makina awo, ife tichotse malonda pa tala ndi kulemba maulendo athu mokhulupirika. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha: tiyambe ndi kope limodzi pa Nathenje, lina pa Mitundu, Lolemba likudzali.

Ndikulakalaka tsiku limene mwana wa kuno, ataitanidwa ku ntchito 8 koloko, adzadziwa nthawi yonyamukira, nadzafika dzina lake lisanaitanidwe. Tsiku limenelo tidzanena kuti msewu wathu wakwera pa sikelo, ndipo wakwana.